Ng'ombe imene Yunike Msimuko anakwirira

M'midzi ya kwa Chikomeni ng'ombe ikafa saikwirira. Amaisenda pomwe yagwerapo n'kuigawa, ndipo nyumba iliyonse ya chibale imalandira nthuli yake, ngakhale yochepa motani. Kudumpha nyumba kuli ngati kulengeza kuti chibale chatha. Yunike Msimuko anakulira m'mwambo umenewu ndipo anadyako nyama yotere kambirimbiri. Koma mu Novembala wa chaka chimene chimanga chinapserera m'munda, ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, iyeyo ndiye anaima pakati pa anthu anjala ndi ng'ombe yakufa, n'kuwauza kuti akadya nyamayo akhoza kufa nawonso. Sankadziwa ngati zimene ankanenazo zinali zoona. Ankangodziwa kuti zikhoza kukhala zoona.

Anabadwa nthawi yokumba mtedza, wachitatu mwa atsikana anayi a bambo Amon Msimuko. Panyumbapo panalibe mwana wamwamuna, choncho ubusa unagwera iye. Ankatsekula khola mame asanaume ndipo ankabwerako nkhuku zikulowa. Anaphunzira kuzindikira ng'ombe yodwala pomva kapumidwe kake, poyang'ana ndowe, pogwira mphuno kuti aone ngati yauma. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, nthenda ya nkhupakupa inalowa m'khola dzinja lili pakati. Ng'ombe zinkatupa m'khosi, kutuluka thovu, n'kugwa. Pofika nthawi ya mondokwa zonse khumi ndi zisanu ndi ziwiri zinali zitatha. Mudzi unadya nyama miyezi iwiri. M'kholamo munamera bonongwe wofika m'chiuno, ndipo a Amon sanagulenso ng'ombe. Kholalo analisiya lili chiimire mpaka chiswe chinaligwetsa.

Yunike anakwatiwa kwa Kapichila ndipo anabereka ana awiri. Mwamuna atapita kumigodi n'kukakwatira wina, iye anabwerera kwawo ndi chikwama chimodzi. Ana anatsala, chifukwa malowolo anali ataperekedwa ndipo ana anali a kuchimuna. Amayi ake anali atamwalira, abale ake ali kumabanja awo, ndiye anakhala awiri ndi abambo ake okalambawo. Patapita zaka ziwiri kunabwera maphunziro a alangizi a ziweto. Analembetsa, anakhoza, ndipo anamupatsa njinga, bokosi la mankhwala ndi midzi yoposa makumi awiri. Kuyambira pamenepo chaka chake chinkayenda ndi ziweto. M'dzinja ankalimbana ndi nkhupakupa, m'masika ankafula ana a ng'ombe, ndipo m'chilimwe ankapereka katemera n'kumaona nthiti zikuwerengeka pa ng'ombe zimene ankazidziwa maina.

Kumayambiriro kwa chaka cha chilalacho bungwe lina linagawira alangizi mafoni okhala ndi pulogalamu ya mtundu umene akuti AI. Ukailembera zimene waona pa chiweto, kapena kuitumizira chithunzi, imayankha ngati munthu amene anawerenga mabuku onse koma sanalowepo m'khola. Yunike anaiyesa milungu ingapo asanaikhulupirire pa chilichonse. Tsiku lina inamuuza kuti ng'ombe ya pachithunzi ili ndi zilonda zapakhungu, pamene inali itangodzikhula pa chulu cha dothi lofiira. Tsiku linanso inamuletsa kubaya ng'ombe yabere mankhwala amene akanaitayitsa mwana, chinthu chimene iye anali ataiwala chifukwa cha kutopa. Ndiye anadziikira lamulo. Ankayamba waona ndi maso ake, kugwira ndi manja ake, kulemba m'kope chimene akuganiza, ndipo pokhapo n'kufunsa foni. Ankaopa kuti akayamba ndi foni, maso ake azingofunafuna zimene foniyo yanena. Pomaliza ankaifunsa funso lomwelomwelo: n'chiyani chimene sungathe kudziwa uli mmenemo?

Netiweki inkapezeka pamalo okwera okha. Anthu anazolowera kumuona ataima pa chulu, mutu utawerama, chala chikuyenda. Msuweni wake Jonah, mwana wa amalume ake, ndiye anayambitsa dzina limene linafala.

"Wapita kuti Yunike? Ali pachulu ndi mwamuna wake wa m'foni. Ameneyo ndi wabwino, sapita kumigodi."

Yunike ankangoseka. Pachisuweni palibe kukwiya.

Chaka chimenecho chizimalupsa inagwa kumapeto kwa Okutobala, masiku awiri okha. M'madambo mopsa munaphuka timaudzu tobiriwira, ndipo dzuwa linabwereranso laukali kuposa kale. Nyenje zinkalira kuyambira m'mawa. Nkhokwe zinali zitatsekuka pakamwa, zopanda kanthu, kuyambira Ogasiti. Mabanja ambiri ankadya kamodzi patsiku, ena ankaphika mango osakhwima. Aliyense ankayang'ana kumwamba, ndipo amene anali ndi ng'ombe zolimira ankazisamala kuposa thupi lake.

Lachiwiri lina m'mawa Jonah anafika pa njinga, thukuta lili kamukamu.

"Monile, a dokota. Kapiteni wagona."

Kapiteni inali imodzi mwa ng'ombe ziwiri zapagoli za a Danwell Zgambo, mlongo wa malemu amayi a Yunike, amene iye ankawaitana kuti asibweni monga mwa Chitumbuka.

"Wagona kapena wafa?"

"Ukaone wekha. Adada akuti ubwere ungoiona mwamwambo. Mipeni tanola kale."

Mudzi wa a Danwell unali kutsidya kwa dambo. Yunike anapeza anthu oposa makumi atatu atazungulira ng'ombeyo m'mphepete mwa dambolo, amayi atanyamula mabeseni, agalu akuzungulira chapatali. Anapereka moni kwa amalume ake ndi kwa akazi awo, a Jenala, kenako anavala magolovesi n'kugwada.

Mimba inali itatupa ngati ng'oma. M'mphuno munkatuluka magazi akuda, amadzimadzi, osaundana. Kumbuyo nakonso kunali timagazi. Ananyamula mwendo wakutsogolo ndipo unapindika mosavuta, ngati wa ng'ombe yamoyo.

"Dzulo inali bwanji, asibweni?"

"Inadya bwino. Inamwa. Inalowa m'khola yokha. M'mawa uno yatuluka ikudzandira, kufika pano n'kugwa."

"Mu Seputembala, tsiku la katemera, sindinazione ziwirizi."

A Danwell anayang'ana kumbali. Amene anayankha anali a Jenala.

"Anazibisa kudimba. Amati jekeseni imafooketsa ng'ombe nthawi yolima ikayandikira."

Yunike anatulutsa kope n'kulembamo liwu limodzi, antraksi. Nthendayi anali asanaionepo ndi maso, koma pa zithunzi za kusukulu. Ankakumbukira kuti imapha ng'ombe mwadzidzidzi, ndipo imalowa mwa munthu amene wagwira nyamayo kapena kuidya. Anajambula zithunzi zinayi.

"Pasapezeke woikhudza mpaka ndibwere. Agaluwo muwathamangitse."

"Akukafunsa kaye bambo a kunyumba," anatero Jonah, ndipo anthu anaseka.

Anayenda mpaka kumsewu, kumene netiweki inkagwira. Analemba zonse monga anazionera, osaonjezera ganizo lake. Yankho linabwera lalitali, koma mutu wake unali uwu: zizindikirozo zikugwirizana ndi antraksi, komanso ng'ombe ikhoza kufa chimodzimodzi ikadya chomera chakupha chophuka ndi mvula yoyamba, kapena ikalumidwa ndi njoka. Asaitumbule. Atenge magazi pang'ono kunsonga ya khutu akayezedwe, ndipo nyamayo itenthedwe kapena ikwiriridwe mozama.

Anafunsa funso lake lija. Foni inayankha mosabisa.

"Sindingadziwe ngati nthendayi inayamba yaonekapo m'dothi la kwanuko. Sindingathe kusiyanitsa matendawa pa chithunzi. Sindingakuuzeni kuti ndi antraksi kapena ayi. Zimenezo zidzadziwika magazi akayezedwa."

Yunike anakhala pa mwala. Ankafuna ikanati inde. Anaimbira a Anderson, mkulu wake wa pantchito, amene anali kudera lina kutali akutemera ng'ombe. Mawu ankaduka.

"Osaitsegula, amai Msimuko. Tengani magazi, mupeleke ku boma mailo kukangocha. Ine nizabwela nikasiliza kuno. Muikwilile pansi maningi, kupitilila msinkhu wa munthu. Mwamvela?"

Pobwerera kudambo ankaganiza chinthu chimodzi. Anthu aja ankamuseka ndi foniyo, koma ankaiopa. Akanati angonena kuti makina aona nthenda m'chithunzi, mabeseni onse akanabwerera kunyumba opanda mawu. Linali bodza laling'ono ndipo palibe akanaligwira. Koma ankadziwanso kuti mawa adzaimanso pamaso pa anthu omwewo ndi ng'ombe ina, ndipo ngati magazi akanadzabwera oyera, palibe amene akanadzamumveranso, iyeyo kapena foni yake, ngakhale tsiku limene nthenda idzakhale yeniyeni.

"Yanena chiyani?" anafunsa a Danwell.

"Yati siikudziwa."

Panamveka kung'ung'udza.

"Nanga iwe?"

"Inenso sindikudziwa, asibweni. Ikhoza kukhala kuti yadya chomera choipa, ndipo nyamayi ilibe vuto. Ikhozanso kukhala nthenda imene imapha ndi anthu omwe. Zimene ndaonazi zikundiopsa. Sindingalole kuti idyedwe."

"Ndiye tiyeni tione kapamba," anatero mkuluyo mofatsa. "Ndi mmene timachitira. Akakhala wotupa ndi wakuda, titaya. Akakhala wabwino, tidya. Sindinayambe lero kuweta ng'ombe, mwana wa mlongo wanga."

"Ikakhala nthenda imeneyo, kutumbulako ndiye kuimasula. Wosendayo ndiye woyamba kudwala. Magazi akalowa m'dothi, nthenda imakhala mmenemo zaka ndi zaka, n'kumatuluka ndi udzu. Dambo lonseli likhala lakupha."

Jonah anakanda m'mutu ndi chigwiriro cha mpeni.

"Tamvani bwino abale. Kuti tidziwe, tiyenera kutsegula. Koma kutsegula n'koletsedwa, chifukwa sitikudziwa. Sukulu ndi yabwino ndithu."

Ulendo uno anaseka ochepa. A Jenala anaika beseni pansi.

"Yunike, iwe umadya kwanu, ife timadya kwathu, koma nkhokwe zathu ukuzidziwa. Zidzukulu zanga zili ndi tsitsi lofiira. Nyama anailawa pa Isitala. Ukuti tikwirire zonsezi chifukwa cha mwina?"

"Inde, amama. Chifukwa cha mwina."

Anaonjeza kuti nkhaniyi waipereka kale kwa akuluakulu ake ndipo lamulo silimulola kuchita mwina. A Danwell anaiyang'ana ng'ombe yawo nthawi yaitali. Anaivula chingwe cha m'khosi, Yunike asanawaletse, n'kuchikulunga padzanja.

"Chita zimene unaphunzira," anatero, ndipo anapita kunyumba osacheuka.

Yunike anacheka pang'ono nsonga ya khutu, anapaka magazi pa timagalasi tiwiri n'kutiumitsa pamthunzi. Kenako anapempha amuna kuti akumbe dzenje lopitirira msinkhu wa munthu. Palibe amene anasuntha. Mkulu wina anamuuza chimene iyenso ankachidziwa: dzenje lakuya chotero amakumbira munthu. Kulikumba pamudzi popanda maliro ndi kuwaitana malirowo. Amuna anachoka mmodzimmodzi. Amayi anatola mabeseni awo, koma sanapite patali. Anakakhala pansi pa mtengo n'kumaonerera.

Anatsala Jonah yekha. Anabweretsa piki ndi fosholo.

"Ndikukumba chifukwa ndiwe mkazi wanga wa pachisuweni," anatero. "Osati chifukwa cha mnzanga wa m'foniyo."

Chinyontho cha chizimalupsa chinali chitalowa pansi kutalika kwa chala chimodzi. Kupitirira apo dothi linali ngati njerwa yootcha. Ankasinthana piki. Dzuwa litafika pamutu dzenje linali m'mawondo. Litapendeka linali m'chiuno, ndipo manja a Yunike anali atatuluka matuza n'kuphulika. Jonah anaponya piki kunja.

"Apa ndalekeza. Ndadya mango awiri chiyambire dzulo."

Awiriwo anaikokera ng'ombeyo m'dzenjemo ndi zingwe. Yunike anaunjikapo mapesi ndi nkhuni zimene anatola, poganiza kuti moto umaliza zimene piki yalephera. Motowo unangowaula ubweya ndi kupsereza chikopa. Choipa n'chakuti fungo la nyama yootcha linakwera ndi mphepo n'kulowa m'mudzi monse. Ana anatuluka m'nyumba. Yunike anazindikira kuti walakwitsa, ndipo anafotsera msangamsanga moto usanazime. Pamwamba anaikapo miyala ndi nthambi zaminga.

Anafika kwawo dzuwa likulowa. A Amon anali pakhonde, ndipo nkhani inali itawapeza kale.

"Akuti waika maliro a ng'ombe."

"Ndakwirira, adada."

"Zathu zija zinafa khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Tinadya zonse. Iwe unadya. Wafa?"

"Inali nthenda ina imene ija."

"Ndipo iyi ndi iti?"

"Sindikudziwa."

Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, osati mokwiya.

"Alamu anga atsala ndi ng'ombe imodzi. Imodzi siikoka pulawo. Ukanawasiyira nyama, bwenzi anthu amene alandira nthuli akubwera ndi makasu kudzawathandiza kulima. Wawalanda zonse ziwiri."

Zimenezo Yunike anali asanaziganize, ndipo foni sikanazidziwa.

M'mawa mwake anapalasa mpaka ku boma la Lundazi, anakasiya timagalasi tija kuti titumizidwe koyezera, n'kugona kwa mnzake. Lachinayi pobwerera anadzera kudambo. Ali patali anaona kuti nthambi zaminga zaunjikidwa pambali mwadongosolo. Dothi linali lofukulidwa n'kubwezeredwa mwachangu. Anafukula pang'ono ndi ndodo. Miyendo yonse yam'mbuyo panalibe, ndi nyama ya kumsana. Pochekapo panali posalala.

Anayamba ndi nyumba ya amalume ake.

"Ndi afisi," anatero a Danwell, maso ali pa mpini umene ankasema.

"Afisi a mipeni, asibweni?"

"Ine sindinapiteko. Unati ndi yako, ndinakusiyira."

Anayenda nyumba ndi nyumba. Paliponse anamulandira bwino, anamupatsa mpando, ndipo paliponse anamuuza za afisi. Panalibe fungo la nyama, panalibe fupa pabwalo. Anazindikira kuti ankaphikira kumadimba. Sanakalipe. Pakhomo lililonse ananena zofanana: amene wagwira nyamayo akaona kachilonda koyabwa, kosapweteka, kakuda pakati, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Amene wadya akamva kutentha thupi, kupotokola m'mimba kapena kusanza, asadikire. Mankhwala alipo ndipo amachiza munthu akafulumira. Sadzatengera aliyense kupolisi. Akungofuna maina.

Dzina silinatuluke ngakhale limodzi.

Anakwera pachulu n'kufunsa foni kuti zizindikiro zimatenga masiku angati. Inati kawirikawiri tsiku limodzi mpaka sabata, nthawi zina kupitirira, ndipo inamulangiza kuti adziwitse achipatala asanalandire wodwala woyamba. Anapita kukauza namwino wa pachipatala chaching'ono cha m'deralo. Anapemphanso foniyo kuti imuthandize kulemba chenjezo lalifupi. Zimene inalemba zinali zoona koma zinkamveka ngati kalata ya ku ofesi, choncho anazilembanso yekha m'Chitumbuka cha pamudzi, ndipo Lamulungu anaziwerenga m'tchalitchi mapemphero atatha. Anthu anamvetsera mwaulemu. Potuluka anaima pakhomo n'kumapereka moni wa padzanja kwa aliyense, maso ali pa zala zawo ndi m'mikono. Manja onse anali oyera.

Lolemba anakumana ndi Jonah pamjigo.

"A dokota, mwauka uli? Maliro aja ayamba liti? Tikufuna tidziwiretu, tichape zovala."

"Wadya iwe, Jonah?"

"Ine? Ndinakumba nawe limodzi. Ndingofunsa ngati amuna ako anenapo kanthu."

"Magazi sanabwere."

"Ndiye mpaka pano sukudziwa."

"Sindikudziwa."

Masiku amenewo Yunike ankayenda ndi maganizo awiri, ndipo onse ankamupweteka. Akakhala kuti analondola, wina m'mudzi muja anali atayamba kudwala mobisa. Akakhala kuti analakwa, ndiye kuti anakwirira chakudya pamaso pa ana anjala, n'kusiya amalume ake opanda ng'ombe ndi opanda owalimira. Ankapemphera kuti akhale wolakwa, ndipo akatero ankaona manyazi amene akumudikira. Anaimbira a Anderson kawiri. Yankho linali lakuti akali kuyembekeza. Ntchito zina sizinaime. Anakabaya mbuzi za chifuwa, anakathandiza ng'ombe imene mwana anapingasa. Eni ziwetozo ankamulandira, koma anayamba kumufunsa asanatsike panjinga ngati lero wabwera ndi fosholo.

Kumwamba kunayamba kusintha. Mitambo inkaunjikana kum'mawa masana n'kubalalika madzulo. Mphepo inkanunkha dothi lonyowa la kwina. Amene anali ndi ng'ombe ziwiri anatulutsa magoli n'kumakonza zingwe.

Lachitatu, tsiku lachisanu ndi chiwiri chifukulire dzenje lija, Yunike ankamanga bokosi lake panjinga m'mawa pamene a Jenala anatulukira kuseri kwa nyumba. Sanadzere njira ya pabwalo. Dzanja lamanja anali atalikulunga m'chitenje.

"Monile, amama. Mwalawira."

"Yewo. Adada ako adzuka?"

"Akali m'nyumba."

A Jenala anatsitsa mawu.

"Ndi chithupsa chabe. Koma ndati undionere, poti iwe uli ndi mankhwala."

Anamasula chitenjecho. Kuseri kwa dzanja, pafupi ndi chala chachikulu, kunali chilonda chozungulira ngati batani la jekete. Pakati pake panali pakuda ngati khala, m'mbali muli timatuza. Dzanja lonse linali litatupa mpaka m'chigongono.

"Chikupweteka?"

"Ayi. Kuyabwa kokha. N'chifukwa chake ndikuti si kanthu."

Yunike anamasula bokosi lija n'kuliika pakhonde, ndipo pakaliyala anayalapo chitenje chopinda.

"Mankhwala anga ndi a ng'ombe. Kwerani."

"Sufunsa kaye foni yako?"

"Idzanena kuti tipite kuchipatala. Kwerani, amama."

Njira ya kuchipatala inkadutsa m'mphepete mwa mudzi wa a Danwell n'kukwera mtunda wautali. Kunali bata. Mitambo inali itatsika, yakuda kumunsi, ndipo nyenje zinali zitaleka. Anapalasa mpaka anawoloka dambo.

"Ndinadula ndine," anatero a Jenala kumbuyo kwake. "Amuna anafukula, koma kugawa ndinagawa ndine. Asibweni ako sanakhudze. Anangodya."

"Simunalakwire ine. Chilonda chanuchi achiza, mwabwera msanga. Amene ndikuwaopera ndi amene anadya, chifukwa yawo imayambira m'kati mosaoneka. Anamwino afuna maina onse lero."

"Adzati ndawaulula."

"Adzatero ali moyo."

Njinga inagunda muzu, ndipo a Jenala anagwira m'chiuno mwa Yunike ndi dzanja labwinolo. Anali akudutsa nyumba zoyamba za mudziwo. Mayiyo anayamba kutchula motsitsa, akuloza ndi chibwano. Nyumba ya a Mathew, anthu asanu ndi mmodzi. Kwa amayi ake a Ronnie, ndi ana atatu. Nyumba ya malata ija, onse kupatula wakhanda. Kwa Jonah.

"Jonah anadya?"

"Ndiye anatsogolera. Ankadziwa pamene dzenje linali losaya."

Yunike ankabwereza dzina lililonse mumtima kuti asaiwale. Madontho oyamba anayamba kugwa, akuluakulu, otalikirana, akuboola fumbi la mumsewu. M'munda wina bambo anali atamanga kale ng'ombe zake pagoli, ataima n'kumayang'ana kumwamba.

"Adada akonso anadya," anatero a Jenala.

Yunike anasiya kupalasa. Njinga inayenda yokha pang'ono n'kuima, ndipo anatsitsa phazi pansi.

"Tinawaitana Lachitatu lija masana, iwe uli ku boma. Sitikanawadumpha, Yunike. Ndi alamu athu. Anadya chiwindi, poti mano alibe. Anati tisakuuze."

Dzulo lake madzulo a Amon anali atakana phala, n'kunena kuti mango awatsekula m'mimba. M'mawa uno sanatuluke kudzaothera dzuwa monga ankachitira. Yunike anayang'ana kumbuyo. Kwawo kunali kutsidya kwa dambo, ndipo mvula inali itatseka kale mitengo ya kumeneko. Kuchipatala kunali kutsogolo, mtunda wofanana. Kaliyala inali imodzi. Anatulutsa foni kuti aimbire Jonah akawatenge pa njinga yake, koma pamalopo panalibe netiweki. Inkagwira pamwamba pa chitunda, patsogolo.

Anabweza foni m'thumba la pulasitiki, anapukuta madzi kumaso, n'kuponda pedulo. Matope anali atayamba kumata matayala.

"Pitirizani, amama," anatero. "Winanso ndani?"